Matailosi a m'bafa sagwira pakhoma lapenti

Lachinayi lina m'mwezi wa Febuluwale chaka chatha, cha m'ma 6 koloko madzulo, foni yanga idalira. Adali mwana wa mng'ono wanga amene amakhala ku Machinjiri ndi mwamuna wake. Mawu ake ankachita kunjenjemera: "Amayi aakulu, fulumirani, mwana wavulala m'bafa." Ndidakwera kabaza wa njinga yamoto, chinthu chimene pamsinkhu wangawu sindichikonda m'pang'ono pomwe.

Ndidakapeza kamtsikana kawo ka zaka zitatu kali pamiyendo pa bambo ake, phazi atalikulunga chitenje chimene chidali chitafiira kale. Mayi ake ankakasambitsa m'beseni pamene matailosi anayi adayoyoka pakhoma nthawi imodzi. Imodzi idaswekera pansi, chidutswa chake n'kucheka mwanayo pamwamba pa phazi. Tidathina balalo, tidathamangira kuchipatala, adamusoka, ndipo lero akuthamanga bwinobwino. Koma tailosi ija ikadagwera pamutu, bwenzi tikunena zina.

M'mawa mwake ndidalowa m'bafamo n'kutola tailosi ina imene sidasweke. Kumbuyo kwake simenti adali atagwira nganganga. Pamwamba pa simentiyo padali chikhungu cha penti wobiriwira, chosalala ngati tsamba la nthochi. Pakhoma pamene padachoka tailosiyo padali pulasitala wambee. Mmisiri adamata matailosi pamwamba pa penti wakale. Simenti sadalakwe, adagwira chimene adachipeza. Penti ndiye adasiya khoma, n'kupita nazo zonse pansi.

Ine sindine mmisiri, ana anga. Ntchito yanga idali ya unamwino mpaka ndidapuma. Koma chichitikireni ngoziyi ndakhala ndikufunsa amisiri achikulire, kuwerenga zolembedwa pamatumba a simenti womatira matailosi, komanso kuyang'anira ndekha pamene ankakonzanso bafa la ku Machinjiri lija. Ndaona kuti mabanja ambiri achinyamata ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa ali pakalikiliki wokongoletsa mabafa. Mayi walandira za banki mkhonde, bambo waonjezerapo za malipiro, Loweruka apita ku Limbe kukasankha matailosi. Amatha maola atatu akukangana za mtundu ndi maluwa ake. Za khoma limene matailosiwo akakhalepo, palibe amene amafunsa.

Taganizani kulemera kwake. Tailosi wamba pamodzi ndi simenti wake amalemera makilogalamu 15 mpaka 20 pa sikweya mita imodzi. Bafa laling'ono la mamita 2 m'litali ndi mita imodzi ndi theka m'lifupi, mukamata mpaka kupitirira pang'ono mutu wa munthu wamkulu, limadya masikweya mita pafupifupi 11. Apo ndiye kuti mwapachika makilogalamu oyandikira 200, ngati matumba anayi a simenti, pachikhungu cha penti chopyapyala ngati pepala. Ndiye tsiku ndi tsiku mukuthirapo madzi otentha, sopo ndi nthunzi.

Kuchipatala tinkadziwa kuti pulasitala wa pabala sagwira pakhungu lodzola Vaseline. Umayamba wapukuta, khungu liume, kenako n'kumata. Khoma nalonso n'chimodzimodzi. Simenti amagwira polowa m'timabowo ting'onoting'ono ta pulasitala wa khoma, ndipo penti ntchito yake n'kutseka timabowo tomweto.

Choyamba dziwani kuti pakhoma panu pali chiyani, chifukwa m'nyumba zathu zambiri muli mitundu itatu. Pali laimu, amene makolo athu ankapaka nyengo ya Khirisimasi ikayandikira. Mukasisita ndi dzanja, dzanja limayera. Ameneyo ndi fumbi chabe, sangagwire kanthu. Pali penti wamadzi, uja amati PVA. Nyowetsani kansalu, muike pakhoma kwa mphindi zingapo, kenako mukande ndi chikhadabo. Akafewa kapena kusiya mtundu pakansaluko ndi ameneyo. M'bafa madzi akamufika kuseri kwa tailosi amafewanso chomwecho. Wachitatu ndi penti wamafuta, wonyezimira uja, amene ambiri amapaka kuyambira pansi kufika m'chiuno kapena m'mapewa kuti khoma lizitsukika. Ameneyu ndiye amanyenga amisiri chifukwa amaoneka wolimba. Koma ndi woterera, ndiponso simenti wonyowa ndi waukali, amadya mafuta a m'pentiyo pang'onopang'ono mpaka pamene agundana pamasanduka ngati sopo. N'chifukwa chake matailosi amakhala bwinobwino miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, inu n'kumayamikira mmisiri, kenako tsiku lina phofo!

Nyumba zakale, monga zija za Malawi Housing Corporation ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, zapakidwa kambirimbiri. Mukakanda ndi mpeni mupeza mitundu inayi kapena isanu yosanjikizana, wina aliyense wolowa m'nyumbamo adapaka wake. Nthawi zina pansi penipeni pamakhala laimu. Ndiye ngakhale wapamwamba aoneke wolimba bwanji, wakhala pafumbi.

Mmisiri wina adzakuuzani kuti, "Mayi, musadandaule, tingotematema ndi hamala apa ndi apo, zigwira." Kutematema koteroko kumasiya penti wambiri kuposa amene wachoka. Kukhitchini, pamwamba pa sinki, pamene mukuikapo mizere iwiri yokha, mwina mungapulumuke. M'bafa ayi. Ine langizo langa ndi loti penti achoke yense mpaka pulasitala aoneke, makamaka pamalo osambirapo ndi pamene pamakhala beseni la mwana.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsere bwino, chifukwa mpamene unamwino wanga ukulowerapo. Kuchotsa penti wakale kungathe kuvulaza mwana kuposa tailosi yakugwa, ndipo kuvulala kwake sikutuluka magazi.

Penti wamafuta wambiri amene wakhala akugulitsidwa m'dziko muno adali ndi mtovu, chitsulo chimene pa Chingerezi amati lead. Opanga penti ankauika kuti mtundu uwale komanso kuti penti aziuma msanga, ndipo umapezeka kwambiri mu wachikasu, wofiira ndi wobiriwira. Ku America adaletsa mtovu m'penti wa m'nyumba mu 1978. Kwathu kuno nkhaniyi idatulukira poyera mu 2020, pamene bungwe la Lead Exposure Elimination Project lidayeza zitini za penti zogulidwa m'masitolo a m'Malawi n'kupeza kuti zambiri za penti wamafuta zidali ndi mtovu wopitirira muyezo. Muyezo umene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa ndi magawo 90 pa magawo 1 miliyoni. Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards lidayamba kukhwimitsa zinthu mu 2021, ndipo atayezanso mu 2023 adapeza kuti penti wa mtovu wachepa kwambiri pamsika. Imeneyo ndi nkhani yabwino kwa amene akugula chitini lero. Koma penti amene adapakidwa m'bafa mwanu mu 1995 kapena mu 2015 akadali pomwepo, ndipo mtovu suola.

Ukakhala phee pakhoma losasupuka, vuto lake ndi lochepa. Tsiku limene mwaupala ndi pamene umasanduka fumbi. Fumbilo limatera pansi pamene mwana amakwawa, pazidole, pambale, m'ndowa ya madzi akumwa. Mwana chala chili m'kamwa nthawi zonse, ndipo ife tonse nsima timadya ndi manja. A WHO amanena kuti thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, komanso kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wosavulaza. Mwana amene sakudya mokwanira, makamaka wochepa magazi, amayamwa wochuluka. Umakaononga ubongo umene ukukula. Mwanayo satentha thupi, satsegula m'mimba, mwina amangokhala wokwiyakwiya ndi wosafuna kudya. Zaka zikapita mudzangomva aphunzitsi akuti mwana wanu sagwira zinthu m'kalasi, inu n'kumamukalipira kuti ndi waulesi. Kwa mayi woyembekezera, mtovu umadutsa n'kukafika kwa mwana ali m'mimba, ndipo ungachititse kuti abadwe masiku asanakwane kapena wochepa thupi.

Choncho ngati khoma lanu lili ndi penti wamafuta wakale, ingoganizani kuti muli mtovu ndipo chitani motere. Ana aang'ono ndi mayi wapakati achoke, apite kwa agogo kapena kwa achibale mpaka ntchito yopala ithe ndi m'nyumba mutakolopedwa. Si nkhani yoti akhale pabalaza chitseko chili chotseka, ayi, achoke ndithu. Chotsani m'bafamo matawulo, miswachi, ndowa ndi mabeseni. Yalani pepala lapulasitiki pansi, tsekani kunsi kwa chitseko ndi chiguduli chonyowa, zenera likhale lotsegula. Wopalayo azinyowetsa khoma kaye ndi madzi, kenako n'kumapala ndi chopalira kapena kusema ndi tchizulo ndi hamala, pang'onopang'ono, malo ochepa nthawi imodzi. Penti wonyowa amagwa zibenthu, sauluka.

Zinthu ziwiri muzikane ngakhale mmisiri akwiye. China ndi makina aja a grinder kapena sandipepa pakhoma louma. Amafulumira, inde, koma m'mphindi zochepa nyumba yonse imakhala fumbi, lolowa mpaka m'kabati ya ziwiya ndi m'matilesi. China ndi kuwaula penti ndi moto kuti afewe. Utsi wake ndi mtovu weniweni wolowa m'mapapo. Mankhwala osungunula penti alipo m'mahadiweya, koma fungo lake m'kachipinda kopanda mpweya limagwetsa munthu, ndipo akapanda kutsukidwa bwino amasiya zoterera pakhoma.

Mmisiri nayenso ndi mwana wa munthu, ndipo kwawo ali ndi ana. Mugulireni chotchinga pamphuno chokhuthala, cha fumbi, chifukwa kansalu kapena kamasiki kopyapyala kaja tinkavala nthawi ya Covid-19 sikatchinga fumbi losalala. Avale magalasi oteteza maso. Ndachotsapo tizidutswa ta simenti m'maso mwa anyamata ambiri, ena diso silidabwerere mwakale. Asadyere m'bafamo, asasutiremo fodya, asambe m'manja ndi sopo musanamupatse nsima. Akaweruka asinthe zovala, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha. Zibenthu za penti muzikulunge m'pulasitiki momwemo, mumange, zipite kotaya zinyalala. Musakazikhuthule kuseri kwa nyumba kumene nkhuku zimapalasa ndi kumene mudadzala mpiru. Pomaliza musasese ndi tsache. Kolopani ndi madzi a sopo, kawiri kapena katatu, kuphatikizapo pazenera, pachitseko ndi m'khonde lopita kubafako.

Mmisiri asanayambe kusema, mumuonetse mmene mudadutsa mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi, makamaka ngati muli ndi giza, ndipo magetsi muthimitse pa meini switchi.

Penti akachoka, musathamangire kusakaniza simenti. Tengani supuni kapena chigwiriro cha sikuludiraiva, mugogode khoma lonse. Pamene pali bwino pamalira molimba. Pamene pakulira ngati ng'oma, pulasitala adalekana ndi njerwa, ameneyo agwetsedwe. Kandani ndi msomali: ngati mchenga ukungoyoyoka, ndiye kuti womanga adaumira simenti, ndipo pulasitala woteroyo sanganyamule matailosi. Nyumba zambiri m'makwalala mwathumu zidamangidwa ndi njerwa zomatira dothi, n'kupaka kapulasitala kopyapyala pamwamba. Khoma lotere likamwa madzi limafewa m'kati. Pamenepo m'pofunika mmisiri wodziwa aone ngati lingapirire kulemera kuja, ndipo kawirikawiri pamafunika pulasitala watsopano yense.

Kenako funsani khomalo ngati lili louma. Ambiri a ife tidamanga m'mapiri: m'munsi mwa Ndirande, Soche, Bangwe ndi Michiru. Nyumba imakumbidwira m'phiri, khoma lakumbuyo n'kutsamira dothi, ndipo bafa nthawi zambiri limakhala kumbuyo komweko. Amene mudali mu Blantyre muno m'mwezi wa Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, mukukumbukira mmene makoma amene sadagwe adamwera madzi, penti n'kutupa matuza. Zizindikiro zake ndi zomwezo: matuza, nkhungu yakuda, ndi zoyera ngati mchere m'munsi mwa khoma. Dulani pulasitiki yoonekera kukula ngati tsamba la nyuzipepala ino, muimate pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi, muisiye masiku awiri osasambiramo. Mukapeza madontho kunsi kwake, madzi akuchokera m'khomamo. Mwina ndi paipi yodontha, mwina ndi madzi a padenga ogwera m'tsinde mwa khoma, mwina ngalande ya kuseri idatsekeka. Ife bala la mafinya sitinkalisoka pamwamba, tinkayamba talitsuka mpaka liyere. Kumata matailosi pakhoma lonyowa n'kusokera mafinya m'kati. Konzani gwero lake kaye.

Nkhungu muitsuke ndi Jik, kapu imodzi m'makapu 10 a madzi, zenera lili lotsegula. Chonde musasakanize Jik ndi mankhwala ena otsukira chimbudzi poganiza kuti ziwonjezera mphamvu. Zimatulutsa mpweya wa chlorine umene umapsereza m'mapapo, ndipo amayi angapo ndidawalandirapo akubanika chifukwa cha zimenezi.

Pomata pulasitala watsopano, muyezo wabwino ndi gawo limodzi la simenti pa magawo anayi a mchenga wa kumtsinje wosefa, wopanda dothi. Amalize ndi chosalazira chathabwa kuti pakhale pokhakhala pang'ono. Chachitsulo chimasalaza mopitirira. Muzimuwaza madzi masiku oyambirira kuti asang'ambike, ndipo mudikire masabata osachepera awiri musanamate tailosi. Nthawi ya mvula kapena ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, onjezerani masiku. Miyezi yabwino pantchito yonseyi ndi Ogasiti mpaka Okutobala. Ndikudziwa, masabata awiri osambira m'kabafa ka panja kapena kwa aneba ndi ambiri, makamaka kwa mtsikana amene wangolowa kumene m'banja. Ku Machinjiri kuja mkamwini wanga adachita kumanga kampanda ka mapepala kuseri, ndipo palibe adafa nako.

Khoma likauma, lipukuteni fumbi lonse. M'mahadiweya muli mankhwala oyera ngati mkaka amene amati bonding liquid, othandiza kuti simenti agwirane ndi khoma. Ena amapaka okha, ena amasakaniza ndi simenti, ndiye werengani pachigubu. Musalole kuti m'malo mwake apake guluu woyera wa akalipentala. Ameneyo amasungunuka ndi madzi ngati PVA yemwe mwangochotsayo. Pamalo osambirapo penipeni, kuyambira pansi kufika mamita 1.8, komanso m'makona ndi mozungulira mapaipi, pakani mankhwala otchinga madzi musanamate. Anthu amaganiza kuti matailosi salowa madzi. Tailosi payokha inde, koma mizere ya pakati pake, imene amatsekamo ndi grout, imamwa madzi pang'onopang'ono.

Pali kayeso kena kosavuta kamene ndidaphunzira kwa mmisiri wachikulire wa ku Chilomoni. Matani tailosi imodzi kapena ziwiri pamalo amene mukukayikira, mudikire masiku atatu, kenako muikanganule ndi tchizulo. Ikavuta kuchoka, mwina mpaka kusweka, khoma lakonzeka. Ikangoti tcho! n'kubwera ndi penti kapena mchenga kumbuyo, mwataya tailosi imodzi m'malo mwa makatoni khumi.

Tsiku lomata likafika, khalani pomwepo muone. Amisiri ena, pofuna kusunga simenti kapena kubisa kupindika kwa khoma, amaika timibulu tisanu kumbuyo kwa tailosi, m'makona ndi pakati, n'kukanikiza. Kuseriko kumatsala mphako. Madzi amakhala m'menemo, mphemvu zimaswerana m'menemo, ndipo mwana akamenyetsa ndowa tailosi imasweka. Simenti womatira matailosi apakidwe pakhoma ndi chopakira cha manomano, tailosi ikanikizidwe mpaka kumbuyo konse kugwire. Muli ndi ufulu wouza mmisiri kuti achotse imodzi imene wangomata kumene kuti muone kumbuyo kwake. Za pansi ndingonena mwachidule: simenti wofiira amene wakhala akupakidwa polishi zaka ndi zaka ali ngati khoma lapenti, asemedwe, ndipo pansi pa bafa muikepo matailosi okhakhala, osati onyezimira. Agogo akaterereka n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ambiri sadzukanso bwino.

Nkhani ya malipiro ndi imene imabweretsa chinyengo chonsechi. Mmisiri mukapangana naye mtengo pa sikweya mita ya matailosi omatidwa, tsiku lopala penti kwa iye ndi tsiku laulere, ndiye alidumpha basi. Panganani mitengo iwiri, wokonza khoma payokha ndi womata payokha, ndipo wachiwiriwo uyambe inu mutaona khoma ndi maso anu. Abambo, musasiyire mayi yekha kulimbana ndi mmisiri inu muli kuntchito, kenako madzulo n'kumadzafunsa kuti bwanji sizidathe. Amene muli m'nyumba za lendi, kaya za munthu kaya za Housing, pemphani chilolezo cholembedwa musanaseme khoma la eni, ndipo mumvane ngati ndalamazo zidzachotsedwe palendi. Ndalama zikakhala zochepa, matani malo osambirapo okha koma mokonza bwino, kwinako kudikire chaka chamawa.

Ngozi ikachitika, dziwani kuti tailosi yosweka imacheka ngati botolo. Kanikizani pabalapo ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira, kwezani mwendo kapena mkono m'mwamba, musathirepo mchere, dothi kapena mankhwala otsukira mano. Bala lakuya, losaleka magazi, kapena lapankhope lipite kuchipatala tsiku lomwelo, ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa kapena South Lunzu, ndipo likakhala lalikulu akutumizani ku Gulupu. Tengani buku la kuchipatala kuti aone ngati katemera wa kafumbata adakwana. Mwana akamenyedwa pamutu n'kuyamba kusanza kapena kuodzera modabwitsa, musadikire kuti kuche.

Nanga inu amene mudamata kale papenti? Sindikunena kuti mawa mugwetse zonse. Madzulo ano tengani supuni mugogode tailosi iliyonse. Yolira ngati ng'oma muilembe ndi choko. Yang'ananinso ngati mizere yang'ambika kapena ngati tailosi ina yatukuka kuposa zinzake. Zimene zili pamwamba pa malo osambitsira mwana muzichotse nokha mosamala, mutavala magolovesi, zisanagwe zokha, ndipo beseni la mwana mulisunthire pakati pa bafa kapena panja mpaka mmisiri abwere. Ku Machinjiri titagogoda tidapeza kuti pafupifupi theka la khoma lidali litalekana kale. Matailosi ambiri adachoka athunthu ndi manja okha, tidawapala kumbuyo, ndipo ndi omwewo amene adamatidwanso patatha masabata atatu.